Za Kapitawo wa Masewera, Malipiro Ake ndi Nkhokwe Imene Asunga

Munthu woyenda pansi kuchokera ku Mtendere, akatsata msewu wa Alick Nkhata nadutsa pakati pa amisiri a matabwa ndi owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, amene amaimika mabedi, zitseko ndi mageti awo m'mbali mwa msewu kuti zidziitanire zokha ogula, sachedwa kufika kufupi ndi malire a University of Zambia, sukulu yaikulu ya dziko lino, imene idatsegula makomo ake m'chaka cha 1966. Kuseri kwa mpanda wake kuli mabwalo a ku Goma, kumene ophunzira amathamanga madzulo akaweruka. Kunja kuno kuli mabwalo afumbi, amene magolo ake ndi mitengo itatu yokhoma ndi misomali, kapena miyala iwiri basi, ndipo pamenepo ana amamenya chimpombwa kufikira mdima utawabisira mpira. Ndayenda pakati pa mabwalo a mitundu iwiriyi zaka zambiri, ndipo funso limene ndalimva kawirikawiri pa kantemba, kometera tsitsi ndi m'minibasi yopita ku tauni, timu ikangogonja, ndi lakuti akuluakulu oyendetsa masewera amalandira zingati, kuchokera m'thumba la yani, ndiponso adachitapo chiyani kuti ziwayenere. Funsoli ndi lakale ngati ukapitawo womwe, ndipo lifuna kuliyankha mosathamanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumene mlandu umenewu udakula nufika posaukhoza ndi ku America, dziko limene masukulu ake a ukachenjede adasandutsa masewera kukhala malonda aakulu. Kumeneko yunivesite iliyonse yotchuka ili ndi nthambi ya masewera yokhala ndi thumba lakelake, ndipo pamwamba pake pamakhala kapitawo mmodzi, amene saphunzitsa mpira ayi, koma amalemba ndi kuchotsa makochi, amapangana ndi makampani a kanema, amapempha mphatso kwa olemera amene adaphunzira pasukulupo, amamanga mabwalo, ndipo kumapeto kwa chaka amaonetsa mabuku kwa eni sukulu. Ndalama zake n'zoti munthu wa ku Chawama akazimva amayamba waseka, kuyesa nthano. Nthambi ya masewera ya Ohio State University imalowetsa madola oposa 250 miliyoni pa chaka. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 107,000. Ndipo gulu la masukulu lotchedwa Big Ten lidagulitsa ufulu woonetsa masewera ake pa kanema ndi madola pafupifupi 7 biliyoni kwa zaka zisanu ndi ziwiri kuyambira 2023.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a masukuluwa, lidapeza kuti m'chaka cha 2019, mwa masukulu pafupifupi 130 a m'gulu lapamwamba, 25 okha ndiwo adapeza ndalama zoposa zimene adawononga. Otsalawo adadzaza nkhokwe zawo ndi thandizo la sukulu ndi msonkho wokhoma pa fizi ya wophunzira aliyense, ngakhale iye amene sadapondepo m'bwalo chibadwire. Chifukwa chake sichobisika. Nthambi zimenezi zilibe eni ogawana phindu pakutha pa chaka, ndipo kwa zaka zoposa zana limodzi lamulo linkaletsa kulipira osewera, powayesa ana a sukulu osewera mwa chikondi chabe. Chotero ndalama, posowa kolowera, zinkadzipezera zokha njira monga amachitira madzi a mvula ku Kanyama akasowa ngalande, ndipo njira imene zidaipeza ndiyo ya malipiro a makochi ndi akapitawo, ndi ya nyumba zochitira masewera zoposa nyumba za mafumu.

Zitsanzo ziwiri zitikwanira. Mu Malichi 2014 mnyamata wa ku Ohio State, Logan Stieber, adatenga ukatswiri wa masukulu a dziko lonse pa masewera ogwetsana. Ndipo chifukwa cha mawu olembedwa m'pangano la ntchito, kapitawo wa masewera pasukulupo, Gene Smith, adalandira bonasi ya madola oposa 18,000, ndiwo malipiro ake a sabata imodzi, pamene mnyamata amene thukuta lake lidagwera pamphasa sadaloledwe kulandira kanthu koposa maphunziro ake aulere. Smith sadabe, adatenga chimene adapangana poyera, koma anthu atamva adafunsa ngati kuli koyenera kuti mwini ofesi akhute ndi nsima imene mwana wathyola ndi dzanja lake. Chitsanzo chachiwiri nchozunguza mutu koposa. Mu 2021 Texas A&M University idatalikitsa pangano la kochi wake wa mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja atavala zisoti, Jimbo Fisher, kuti likhale la zaka khumi, ndalama zonse zotsimikizika; patangopita zaka ziwiri, mu Novembala 2023, idamchotsa ntchito, nitsala ndi ngongole yomlipira madola oposa 75 miliyoni kuti azikhala pakhomo. Kapitawo amene adalipo pa zonse ziwirizi, Ross Bjork, mu Januwale wotsatira adaitanidwa kukalowa m'malo mwa Gene Smith ku Ohio State, ndipo chaka chake choyamba chisanathe timu ya kumeneko idatenga chikho cha dziko lonse, ndi kochi ndi osewera amene iye adawapeza alipo kale. Tsono munthu ameneyu timuyese ndi muyeso uti, ndi ngongole ya ku Texas, imene adaisenza pamodzi ndi akuluakulu a sukulu amene adaivomereza, kapena ndi chikho cha ku Ohio, chimene adakolola m'munda wolima ena?

Osewera a ku America adatopa nakasuma kubwalo la milandu. Kuyambira Julayi 2021 amaloledwa kudya ndalama za dzina lawo ndi nkhope yawo pa malonda, ndipo mu Juni 2025 woweruza adavomereza chigwirizano chakuti osewera akale alipidwe madola pafupifupi 2.8 biliyoni, ndi kuti sukulu iliyonse ikhoza kugawira osewera ake madola ofika 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Sindinena izi monyoza dongosolo lonselo, pakuti ifenso tidadyako zipatso zake: wothamanga Samuel Matete, mwana wa ku Chingola, adanoledwa ku Auburn University, natenga ukatswiri wa dziko lapansi ku Tokyo mu 1991 ndi mendulo yasiliva ku Atlanta mu 1996.

Kwathu kuno nkhokwe ya masewera sidamangidwe pa sukulu. Idamangidwa pa mgodi, pa njanji ndi pa kampu ya asilikali. Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Roan United adaleredwa ndi mkuwa, Kabwe Warriors ndi a njanji. Muno mu Lusaka Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Red Arrows ya asilikali a m'mlengalenga, Nkwazi ya apolisi, Zanaco ya banki, ndipo NAPSA Stars imadya za bungwe losunga penshoni. Wosewera wa timu ya mgodi masiku aja ankalembedwa ntchito pamgodi, napatsidwa nyumba ndi chipatala, ndipo woyang'anira masewera anali wantchito wa kampani monga anzake, wolandira malipiro a giredi yake, amene aliyense ankatha kuwadziwa. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, ntchito imene idatha m'chaka cha 2000, eni atsopano adadzera mkuwa osati mpira, ndipo mabwalo ambiri adamera tsekera. Nanga yunivesite yathu? Sukulu imene kwa zaka zambiri yakhala ikulimbana ndi ngongole za antchito ake opuma, imene ophunzira ake boma lidawachotsera ndalama za chakudya mu 2019 ndi kuwabwezera mu 2023, singalote za kapitawo wa madola miliyoni. Komabe timu yake ya basiketibolo, UNZA Pacers, yakhala ikulimbirana ukatswiri wa dziko ndi Matero Magic, ndipo onse awiri adaimirirapo Zambia m'mipikisano ya mu Africa, wina wochokera kuseri kwa mpanda, wina wochokera m'komboni, onse ndi thumba lopyapyala.

Chotero wofuna kuona kapitawo wathu weniweni abwerere pa msewu womwe uja wa Alick Nkhata, autsate cha ku Longacres, kumene kuli Football House, likulu la Football Association of Zambia. Nkhokwe ya nyumba imeneyi imadzazidwa ndi manja atatu. Dzanja loyamba ndi la FIFA, imene pa zaka zinayi za 2023 mpaka 2026 idalonjeza bungwe lililonse la dziko madola ofika 8 miliyoni. Lachiwiri ndi la boma, limene kawirikawiri limasenza maulendo, mabonasi ndi malipiro a kochi wa Chipolopolo, timu ya dziko. Lachitatu ndi la amalonda monga MTN, amene dzina lawo lili pa ligi yaikulu. Apa ndipo pali mfundo yovuta kumasula, pakuti boma, limene limatulutsa ndalama za msonkho wa mayi wogulitsa tomato ku Soweto, silingachotse mtsogoleri wa bungweli, popeza malamulo a FIFA amaletsa boma kulowerera, ndipo dziko lochita zotero limaimitsidwa pa masewera, monga zidachitikira Zimbabwe ndi Kenya mu Febuluwale 2022. Omusankha ndi omuchotsa ndi nthumwi za matimu, anthu mazana ochepa okhala m'holo imodzi. Ndipo mdindo amene olipira sangamfunse, namfunsa okhawo amene iye angathe kuwakondweretsa ndi mipira, majezi ndi ulendo wa kunja, ali pa yesero limene ngakhale munthu wolungama angapunthwe nalo.

Kuti ndalama za masewera si nkhani yamasewera tidaziphunzira ndi maliro. Pa 27 Epulo 1993 timu ya dziko, popita ku Senegal, idakwera ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo chifukwa ndege za malonda zinali zodula, ndipo ndegeyo idagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, nipha anthu 30, mwa iwo osewera 18, kochi Godfrey Chitalu ndi mtsogoleri wa bungwe la mpira, Michael Mwape. Manda awo ali pambali pa Independence Stadium, kufupi ndi Matero. Patapita zaka pafupifupi 19, pa 12 Febuluwale 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, tidagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7 nkutenga chikho cha Africa, ndipo usiku umenewo mu George, mu Chawama ndi mu Kanyama simudagone munthu. Boma lidalonjeza wosewera aliyense madola 59,000, ndipo manyuzipepala adalemba kuti pangano latsopano la kochi Hervé Renard linali la madola 100,000 pa mwezi, ndiko kunena pafupifupi 500 miliyoni ya kwacha yakale ija tisanaidule ziro zitatu. Masiku amenewo sindidamve munthu akuwiringula. Madandaulo adayamba mu 2013, titatuluka m'ndime yoyamba ya chikho chomwecho titafanana mphamvu m'masewero onse atatu, nkulephera kupita ku World Cup ya ku Brazil. Ndipo pofika Okotobala Renard adapita ku Sochaux. Malipiro anali omwewo, munthu anali yemweyo. Chidasintha ndi kumene mpira udagubudukira.

Ndi pano pamene muyeso wa zikho umatisokeretsa, ndipo atsogoleri awiri amene adakhala pa mpando zaka zambiri akutionetsa bwino. Kalusha Bwalya, amene adamwetsa Italy zigoli zitatu ku Olympics ya 1988 nakhala wosewera wopambana mu Africa chaka chomwecho, adatsogolera bungweli kuyambira 2008 mpaka 2016, ndipo chikho cha 2012 chidadza m'nthawi yake. Koma mu Ogasiti 2018 FIFA idamletsa kugwira za mpira zaka ziwiri chifukwa cha ndalama zimene adalandira kwa Mohamed bin Hammam wa ku Qatar, chilango chimene iye adachitsutsa ndipo chidafupikitsidwa pa apilo m'chaka chotsatira. Andrew Kamanga, amene adamgonjetsa mu Malichi 2016 ndi mavoti 163 kwa 156, adaona Chipolopolo ikulephera kupita ku chikho cha Africa katatu motsatizana, mu 2017, 2019 ndi 2021; komabe m'nthawi yake yomweyo anyamata osapitirira zaka 20 adatenga chikho cha Africa pa Heroes Stadium mu 2017, ndipo atsikana athu adafika ku Olympics kawiri ndi ku World Cup ya 2023. Woyesa ndi chikho cha akulu adzati woyamba adakhoza, wachiwiri adalephera. Woyesa ndi ana ndi atsikana adzatembenuza chigamulo. Onse awiri adzakhala atalakwa pang'ono, pakuti chikho chimacha mochedwa ngati mango a mtengo wobzala agogo: Patson Daka ndi Enock Mwepu adaleredwa ku Kafue Celtic, Barbra Banda adayambira ku Bauleni, ndipo amene adawathirira ali aang'ono sadakhalepo pa mpando wa ku Football House.

Chimene mtsogoleri ali nacho m'manja mwake mwenimweni ndicho cholembera chosainira mapangano, ndipo pamenepo tikhoza kumfunsa mosamchimwira. Pakati pa 2016 ndi 2022 timu ya dziko idadutsa m'manja mwa Wedson Nyirenda, Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević, Aljoša Asanović ndi Avram Grant, osawerenga ogwirizira. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, adatero akale, ndipo 2012 idawachitira umboni. Koma sadanene kuti tizisintha wometa mutu uli pakati. Kochi wakunja akachotsedwa pangano lisanathe, kapena akachedwetsedwa malipiro, ali ndi khomo logogoda ku Zürich, kulikulu la FIFA, ndipo FIFA ikagamula, ndalama zimene zikadagula mipira ya ana zimapita kukalipira ntchito yosagwiridwa. Matenda a ku Texas aja ndi omwewa, kungoti kwathu wodwalayo ndi wowonda kale. Ine sindili m'gulu la onena kuti kapitawo azilipidwa pang'ono. M'dziko limene malipiro ochepetsetsa a wantchito wa m'nyumba, monga boma lidawaika mu Januwale 2024, ndi K1,300 pa mwezi, n'zachidziwikire kuti chiwerengero chilichonse cha madola chimalasa mtima. Koma mlonda wa nkhokwe amene amagona ndi njala sachedwa kuboola pansi pake, ndipo munthu wodziwa kupangana ndi amalonda nkubweretsa kakhumi kuposa chimene amadya si wodula. Choipa ndi malipiro onong'onezana, amene timawamva m'mphekesera, ndi mabonasi omangirira pa chigoli cha mwana wa eni.

Ndikafuna kukumbuka mmene mdindo wokhulupirika amaonekera ndimapita ku bwalo lina la m'komboni, limene sindilitchula, Loweruka m'mamawa. Kochi wa pamenepo amagwira ntchito ya ulonda usiku, ndipo akaweruka sapita kukagona. Amafika ndi ndowa ya phulusa la pa mbaula, nawerama kulemba nalo mizere ya bwalo, ana awiri atakoka chingwe. Majezi ndi a salaula, manambala ake olemba ndi penti, ndipo amawachapa ndi mkazi wake, amene amawayanika pa waya wa kuseri kwa nyumba ngati mbendera za mitundu. Mwana aliyense amabweretsa K2 kapena K5 ya referee ndi ya madzi. Kukakhala ulendo wa kutali amasonkha ya kanta, ndipo ikaperewera mkuluyo amatenga ya chilimba chake, nthawi zina ngakhale ya kaloba. M'thumba la jekete lake muli kabuku ka sukulu kopindika m'makona, kamene m'kati mwake adalemba dzina la mwana aliyense, chaka chake chobadwa, sukulu yake, ndi ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Tsiku lina ndidaona mayi wina, chitenje chili m'chiuno, akumfika ndi mkwiyo.

“Bambo kochi, ndalama ija ndidapereka mwezi watha idapita kuti? Mwanayu akuti mudayenda pansi.”

“Pepani amayi, khalani pansi apa muone nokha,” adayankha mkuluyo, natsegula kabuku kaja, nayendetsa chala pa mzere: ya kanta idaperewera ndi K60, choncho adagulira ana mabanzi ndi kulipira referee, yotsala K15 ili pano. Mayiyo adawerenga kawiri, naseka, nawonjezerapo K10 ya m'nsonga ya chitenje.

Kabuku kotereka kali ndi mtengo umene mwini wake mwina saudziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ina kupita ku ina ya dziko lina pangano lisanathe, magawo asanu pa zana a mtengo wake agawidwe kwa matimu onse amene adamlera kuyambira zaka 12 kufikira 23. Pamene Daka adachoka ku Salzburg kupita ku Leicester City mu 2021, pa mtengo umene manyuzipepala adati unali pafupifupi mapaundi 23 miliyoni, gawo la olera lidaposa mapaundi miliyoni imodzi. Koma ndalama imeneyi imatsata kaundula wa bungwe la mpira, ndipo timu ya m'komboni imene sidalembetsedwe, ngakhale idadyetsa mwanayo mabanzi zaka zinayi, siidziwika ku Zürich. Dzina lake likasowa pa pasipoti ya wosewera, gawo lake limapita kwina. Apa ndiye pali ntchito ya kapitawo imene siimbidwa m'nyimbo: kutuma makalaliki ku Chawama, ku George ndi ku Kanyama kuti mwana aliyense ndi timu yake alowe m'kaundula, ndi kuchepetsa mtengo wolembetsa kuti mlonda uja aukwanitse. M'mera mpoyamba. Ndikadakhala nthumwi m'holo ija, ndikadafunsa za matimu angati a m'komboni amene adalandirapo gawo lawo, za atsikana a 2023 ngati aliyense adaona m'manja mwake madola 30,000 amene FIFA idalonjeza wosewera aliyense, ndi za mabuku oyesedwa ndi owerengera a padera ngati aikidwa poti mtolankhani angawawerenge, ndisanafunse za chikho.

Ndikadafunsanso za nthaka, ngakhale kuti mlandu umenewu bungwe la mpira limagawana ndi khonsolo ndi boma. Heroes Stadium, imene idamangidwa ndi ngongole ya ku China nitsegulidwa mu 2014, idasanduka chipatala cha odwala kolera mu Januwale 2018 ndi mu Januwale 2024, ndipo ambiri mwa ogonekedwa m'menemo adachokera m'makomboni omwewa amene amatipatsa osewera. Pamene mabwalo ang'onoang'ono, amene sadawonongetse dziko ngwee imodzi, akudyedwa m'mphepete chaka ndi chaka, lero maziko a shopu, mawa mpanda wa tchalitchi, mkuja nyumba ya lendi. Bwalo la mlonda uja lidali ndi malo okwanira anyamata khumi ndi mmodzi mbali iliyonse pamene ndidalidziwa koyamba. Loweruka lapitali ndidampeza akusuntha golo la kumadzulo mapazi khumi kulowa m'kati, chifukwa usiku wina munthu adatsitsa njerwa za simenti pa kona, ndipo ana adasewera asanu ndi atatu mbali iliyonse, otsalawo atakhala pa njerwazo kudikira nthawi yawo.